Magomero: Mbiri ya Dera Limene Lidatha Anthu Nkudzalanso

Munthu wochokera ku Limbe kupita ku Zomba amawoloka mtsinje wa Namadzi chakumalire a maboma a Chiradzulu ndi Zomba. Akapatuka pamenepo nkulowera kuvuma, motsata mtsinjewo, amafika ku Magomero. Lero dera limeneli ndi la midzi yothithikana: nyumba ikatha pali munda, munda ukatha pali nyumba ina, ndipo mitengo yachilengedwe yatsala kumanda. Mwana wobadwira kumeneko angayese kuti zidali choncho chiyambire. Koma pa zaka zoposa 160 zapitazi derali lidadzalapo, lidatha anthu, kenaka lidadzalanso ndi anthu ena ochokera kutali. Mbiri ya chiwerengero cha anthu a ku Magomero ili pawiri. Poyamba malo adali mbwee, osowa adali anthu, ndipo aliyense wamphamvu ankalimbirana anthuwo. Pambuyo pake anthu ndiwo adachuluka, ndipo chimene abale akulimbirana tsopano ndi malo.

Dziko la Amang'anja

David Livingstone adadutsa m'mapiri a Shire m'chaka cha 1859, ulendo woyamba popita ku nyanja ya Chilwa, wachiwiri popita ku nyanja ya Malawi. Adapeza dziko la Amang'anja, lokhala ndi midzi yaing'onoing'ono yondandana m'mbali mwa mitsinje. Midzi yambiri idali ndi mpanda wa nkhadze ndiponso bwalo lake pansi pa mtengo waukulu. Anthu ankalima mapira, mawere, nyemba, maungu ndi thonje. Amuna ankapota thonje ndi kuwomba nsalu, amisiri ankayenga chitsulo m'ng'anjo nkusula makasu ndi nkhwangwa, ndipo mchere unkachokera kumadambo a Chilwa. Palibe adachita kalembera nthawi imeneyo, koma alendo amene adalemba za dzikolo adagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti lidali ndi anthu ambiri ndiponso chakudya.

Maziko a mudzi adali mbumba, ndiye kuti amayi apachibale, ana awo ndi zidzukulu zawo, pansi pa mlongo wawo kapena malume amene adali mwinimbumba. Mnyamata akakula ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, pamene mtsikana ankatsala pamalo a mayi ake nkulandirapo munda. Motero mudzi unkakula ndi ana aakazi. Ukakula kwambiri, kapena pakabuka mkangano, mwinimbumba wina ankatenga alongo ake nkukaswa mphanje patsidya, mudzi watsopano nkubadwa. Malo sadali nkhani. Ukulu wa mfumu unkaoneka ndi kuchuluka kwa anthu ake, nchifukwa chake ukapolo wa pakhomo udalipo ngakhale amalonda a kunyanja yamchere asadafike. Munthu ankaperekedwa ngati dipo la mlandu, wina ankadzipereka yekha nthawi ya njala, ndipo ana a mdzakazi ankakhala a banja la mbuye wake, osati a kuchimake. Imeneyi idali njira yochulukitsira anthu pakhomo. Komabe chiwerengero sichinkathamanga, popeza nthomba, malungo ndi matenda a m'mimba zinkatenga ana ambiri, ndipo amayi ankayamwitsa nthawi yaitali ndi kusunga miyambo ya kudika, kotero kuti ana ankabadwa motalikirana.

Nkhondo, kamwazi ndi chilala

Pamene Livingstone ankadutsa, moyo umenewu udali utayamba kale kugwedezeka. Ayao ankalowa m'derali kuchokera kumpoto chakuvuma, iwonso atathamangitsidwa kwawo ndi nkhondo ndi njala. Ena adabwera mwamtendere nkupempha malo, ena adabwera ndi mfuti. Nthawi yomweyo amalonda a ku Tete ankagula akazi ndi ana kuti akawasinthanitse ndi minyanga kutsidya kwa Zambezi. Mu Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, Livingstone ndi anzake adakumana ndi gulu la akapolo lopita ku Tete, namasula anthu 84. Ambiri mwa iwo adali akazi ndi ana. Anthuwa adaperekedwa kwa Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, amene ankafunafuna pokhazikika, ndipo mfumu ya Chimang'anja, Chigunda, idamuitanira ku Magomero, pamalo ozingidwa ndi mtsinje wa Namadzi pafupifupi mbali zonse.

Pa miyezi yowerengeka omasulidwa ena adawonjezeka, mpaka pamishoni padali anthu oposa 100. Bishopuyo ankaona kuti akumanga mudzi wa Chikhristu. Anthu ozungulira ankaona mfumu yatsopano yokhala ndi mfuti imene ikusonkhanitsa anthu monga momwe mafumu onse ankachitira. Mafumu a Chimang'anja adamunyengerera kuti awathandize kumenya Ayao, ndipo amishoniwo adapitadi kunkhondo mu Ogasiti ndi mu Okutobala 1861, natentha midzi ndi chakudya cha m'nkhokwe. Mvula itayamba, njala idalowa pamishoni pomwepo. Anthu ambiri atathithikana pamalo aang'ono, akumwa madzi a mtsinje womwewo umene unkalandira zonyansa zawo, kamwazi adabuka nkuyamba kupha ana ndi ofooka. Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kumathiriro a mtsinje wa Ruo, mnzake Henry Burrup adafera ku Magomero mwezi wotsatira, ndipo mu Epulo amishoni otsala adatsikira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa, pamodzi ndi anthu awo.

Chimene chidamaliza dzikolo ndi chilala cha 1862 ndi 1863. Chilala pachokha anthu adali nako kothawira: kumadimba, kwa abale, kutchire kofuna zikhawo ndi zipatso. Koma chilala ichi chidapeza anthu ali kale pa ulendo wothawa nkhondo, minda isadalimidwe, nkhokwe zitapsa. Livingstone atabwereranso mu 1863 adaona mitembo ikuyandama mu Shire ndi mafupa a anthu m'midzi yopanda munthu. Opulumuka adabalalika. Ena adakakhala pansi pa Amagololo amene Livingstone adawasiya kuchigwa, ena adathawira pachilumba cha Chisi m'nyanja ya Chilwa, ena adagonjera mafumu a Chiyao monga Mpama ku Chiradzulu, Malemia ku Zomba ndi Kawinga ku Chikala. Kumeneko akazi a Chimang'anja adakwatiwa ndi Ayao, ndipo ana awo adakula akuyankhula zinenero zonse ziwiri. Angoni a Chikusi atawoloka Shire mu 1884 nkufunkha mpaka kufupi ndi Blantyre ndi Zomba, anthu adakakamira kwenikweni m'mapiri, poti kumeneko nkomwe munthu ankagona tulo. Chigwa chachonde cha pakati pa Chiradzulu ndi Zomba chidabwerera kukhala tchire la nyama.

Malo opanda anthu, anthu opanda malo

Azungu ofuna minda adapeza dzikolo lili choncho, ndipo adaligula kwa mafumu a Chiyao ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi katundu wina wa mtengo wochepa. Ulamuliro wa Britain utakhazikika mu 1891, Harry Johnston adapereka zikalata zotsimikiza umwini wa malowo. Dera la Magomero, maekala oposa 160,000, lidagwera m'manja mwa Alexander Low Bruce wa ku Scotland, mwamuna wa Agnes, mwana wa Livingstone. Bruce adamwalira mu 1893, ndipo amene adatumizidwa kudzayang'anira esitetiyo adali William Jervis Livingstone, amene anthu adamutcha Listonia. Adayesa khofi, khofiyo adakanika, kenaka adatembenukira ku thonje. Koma thonje limafuna manja ambiri, makamaka nthawi ya dzinja pamene mlimi aliyense ali kalikiliki m'munda mwake. Midzi yowerengeka imene idapezeka kale pamalopo idali yotetezedwa ndi zikalata za Johnston, zimene zinkati anthu opezeka kale asasokonezedwe. Mwini esiteti adali ndi dziko lalikulu lopanda omulimira.

Anthu amene adadzaza mpatawo adachokera kuvuma, kutsidya kwa Mulanje ndi Chilwa, m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi. Kumeneko nkhondo zogonjetsa mafumu, msonkho wankhanza, ntchito yokakamiza ndi njala ya chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 zidazula midzi yathunthu. Adali a magulu osiyanasiyana, Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Amarenje ndi ena, koma kuno onse adapatsidwa dzina limodzi lachipongwe lakuti Anguru. Chofunika kwambiri pa mbiri ya chiwerengero nchakuti sadabwere ngati anyamata ofuna ntchito ya miyezi ingapo. Adabwera ngati mbumba: agogo, amayi, ana kumsana, mbewu m'mitanga, ndi chizolowezi chawo cholima chinangwa, nandolo ndi kalongonda. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma alendo awa adabwera kudzakhala. Kalembera wa 1921 adapeza Alomwe pafupifupi 120,000 m'dziko la Nyasaland, wa 1931 adapeza oposa 235,000, ndipo wa 1945 pafupifupi 380,000. Ambiri mwa iwo adakhazikika ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi kummwera kwa Zomba.

Listonia adawalandira ndi manja awiri chifukwa iwo sadali ndi chikalata chowateteza. Ankawapatsa pomanga ndi polima, nkusankha akapitawo ena kukhala mafumu a midzi yatsopano. Midzi yambiri ya ku Magomero idayamba motero, ndipo mayina ake ndi a anthu amene adatsogolera mbumba zawo pa ulendo uja. Malipiro a malowo adali thangata. Pa mapepala munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Pa esiteti ya Bruce miyeziyo inkatambasuka: tsiku limene munthu sadamalize ndime silinkalembedwa, malipiro nthawi zina ankakhala fodya m'malo mwa ndalama, chikoti chidalipo, ndipo akazi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankagwira. Wodandaula ankauzidwa kuti abwerere kwa Apwitikizi. Alexander Livingstone Bruce, mwana wa mwini malo uja, atabwera kudzatenga ulamuliro, adaletsa sukulu ndi matchalitchi pa esiteti yonse. Matchalitchi audzu amene anthu a John Chilembwe wa ku Mbombwe adamanga pamalopo adatenthedwa.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adafika ku Magomero napha Listonia. Kubwezera kwa boma kudagwera midzi yonse yozungulira: nyumba zidatenthedwa, amuna adanyongedwa kapena kuwomberedwa, ena adatsekeredwa, ena adathawira kutsidya kwa malire. Zaka zotsatira sizidapereke mpata wopuma. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idatenga amuna ambirimbiri kukagwira mtengatenga, kunyamula katundu wa asilikali mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chakumapeto kwa 1918 kudabwera chimfine choopsa cha fuluwenza, ndipo mu 1922 kudagwanso njala. Chodabwitsa nchakuti pa zonsezi chiwerengero cha anthu pa esiteti chidapitirira kukwera, poti obwera kuchokera kuvuma ankaposa omwalira.

Pamene anthu adasanduka katundu wolemetsa

Kusintha kwakukulu kudachitika mwakachetechete pakati pa nkhondo ziwiri za dziko lonse. Thonje litasiya kupindulitsa, esiteti idayamba kudalira fodya wa chikopa wolimidwa ndi anthu okhala pamalopo, amene ankayenera kumugulitsa kwa mwini malo pa mtengo wake. Mitengo itagwa m'zaka za m'ma 1930, eni maesiteti adaona kuti ali ndi anthu ambiri kuposa amene angawapatse ntchito kapena kuwagula mbewu. Anthu aja amene adaitanidwa ndi manja awiri tsopano ankaoneka ngati akudya malo. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa maesiteti lidaloleza kuthamangitsa gawo la mabanja pa zaka zisanu zilizonse. Lidakhudzanso pamtima penipeni pa mudzi: mnyamata wobadwira pa esiteti akakula sankakhala ndi ufulu wokhalapo mwa iye yekha, ndipo mwamuna wochokera kunja wokwatira mwana wamkazi wa pamalopo ankayenera kupempha chilolezo kuti amange nyumba. Kwa anthu a chikamwini, kuletsa mkamwini kumanga kudali kuletsa mudzi kubereka. Milandu yambiri ya pakati pa anthu ndi eni malo inkayambira pa nyumba ya mkamwini.

Kothawira kudalibe, chifukwa malo a mafumu ozungulira esiteti, makamaka ku Chiradzulu, adali atadzala kale, pamene maekala zikwizikwi a esiteti adangokhala tchire losalimidwa. Amuna adayamba kutuluka: ena kukathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena ku Blantyre ndi ku Limbe, ena ku Halale ndi ku Joni, ndipo ena mwa amenewa adasanduka machona. Kuyambira nthawi imeneyo midzi ya dera lino yakhala ndi akazi ambiri kuposa amuna. Nthawi yomweyo obwera aja adali akuzika mizu. Ana awo adakula akuyankhula Chinyanja, nkukwatirana ndi Ayao ndi Amang'anja. Mu 1943 Lewis Bandawe adatsogolera bungwe la Alomwe limene lidaumiriza boma kusiya dzina lachipongwe lija m'mabuku ake.

Njala ya 1949 idaonetsa poyera mmene mudzi udasinthira. Mvula idadula pakati pa dzinja, chimanga chidauma chisadabereke, ndipo boma lidatsegula malo ogulitsira ndi ogawira chakudya. Amuna ambiri adachoka kukasuma kumadera kumene kudali chakudya. Ena adabwerako ndi ufa, ena adakwatira komweko osabweranso. Katundu wodyetsa ana ndi okalamba adatsala pamutu pa amayi, ndipo mabanja ambiri adatha chaka chimenecho. Komabe, mosiyana ndi 1862, dziko silidathe anthu. Kudali misewu, njanji, misika ndi malipiro a ntchito, ndipo kudalibe nkhondo yoletsa anthu kubwerera kuminda mvula itagwa.

Kale mu 1946 Sir Sidney Abrahams, amene adatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo, adali atalangiza kuti boma ligule malo a maesiteti amene sankagwiritsidwa ntchito kapena odzala anthu. Mu 1952 boma lidagula gawo lalikulu la Magomero, ndipo thangata lidatheratu mwalamulo mu 1962. Malo ogulidwawo adalandira eni ake akale pamodzi ndi mabanja ena ochokera kumidzi yopanikizika ya Chiradzulu ndi Zomba. Kwa mbadwo umodzi zinthu zidaoneka ngati zabwerera mwakale: tchire lidalipo, mfumu inkaloza ndi dzanja, munthu nkuswa mphanje mpaka pamene mphamvu zake zathera. Okalamba a lero amene amati kale kudali malo amanena za zaka zimenezi.

Zaka za kalembera

Makalembera a nthawi ya atsamunda ankadalira kwambiri mabuku a msonkho ndi kuyerekeza. Woyamba kuyenda khomo ndi khomo m'dziko lonse adali wa 1966, amene adapeza anthu 4 miliyoni. Mu 1977 adali 5.5 miliyoni, mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni, mu 1998 adali 9.9 miliyoni, mu 2008 adali 13.1 miliyoni, ndipo mu 2018 adafika 17.6 miliyoni. Boma la Chiradzulu, limene ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri, lidali ndi anthu pafupifupi 236,000 mu 1998 ndipo pafupifupi 357,000 mu 2018. Mu 2018 pa sikweya kilomita iliyonse ya bomali pankakhala anthu oposa 450, pamene dziko lonse likagawidwa mofanana pankakhala 186.

Kukula kwa nthawi ino kudasiyana ndi kwa nthawi ya Listonia. Sikudali kwa obwera, kudali kwa obadwa. Katemera adathetsa nthomba nkuchepetsa chikuku, sikelo ya ana idafika m'midzi, mijigo idalowa m'malo mwa zitsime, motero ana ambiri adayamba kupulumuka pamene amayi ankaberekabe monga kale. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa ntchito za kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo lidaloleza mu 1982 pansi pa dzina lakuti kubereka motalikirana, osati kuchepetsa ana. Kafukufuku wa 1992 adapeza kuti mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6 kapena 7 pa moyo wake, ndipo mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asadakwanitse zaka zisanu. Mayi amene waika ana awiri m'manda sangauzidwe mophweka kuti ana anayi akwana.

Zotsatira zake zimaoneka pa malire a minda. Tiyerekeze mayi amene adalandira maekala asanu ndi limodzi esiteti itagulidwa. Ngati adali ndi ana aakazi atatu, aliyense adapata maekala awiri. Ngati aliyense wa iwo adaberekanso ana aakazi atatu, chidzukulu chilichonse chili ndi malo osakwana ekala imodzi, pomwe payenera kukhala nyumba, chimbudzi, khola ndi munda. Nchifukwa chake mabanja ambiri a m'derali salima ngakhale hekitala imodzi. Kugoneka munda kudatha, ng'ombe zidasowa kodya, ndipo m'munda umodzi mumadzalidwa chimanga, nandolo, nyemba, chinangwa ndi maungu nthawi imodzi. Nthaka yosapuma siibereka popanda feteleza. Chimanga chikatha m'nkhokwe chaka chisadathe, banja limadalira ganyu, dimba la tomato ndi masamba, kapena geni pa msika wa Namadzi ndi ku Limbe. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, amene adali ndi malo okulirapo adapeza ndalama, ndipo kusiyana pakati pa opeza ndi osowa m'mudzi umodzi kudakula.

Kuchepa kwa malo kudasinthanso chibale. Pauline Peters, amene adafufuza midzi ya kummwera kwa Zomba kuyambira mu 1986, adaonetsa mmene milandu ya minda imagawira mbumba: ana a mayi wamkulu ndi ana a mayi wamng'ono, amene kale ankatchulana abale a bere limodzi, amayamba kukumbutsana kuti agogo a uje adabwera pambuyo, kapena kuti adali akapolo, ndipo nkhani za ufiti zimatsatira. Mawu akuti obwera, amene ankanenedwa kwa Alomwe zaka 100 zapitazo, tsopano amanenedwa pakati pa ana a agogo amodzi. Ngakhale midzi yeniyeniyo yachuluka m'mabuku a boma. Kale mudzi unkagawikana anthu akasamuka, koma masiku ano umagawikana nyumba zili pomwepo, chifukwa ufumu umabwera ndi mswahala ndiponso mndandanda wakewake wa olandira thandizo la feteleza, limene lidayamba ndi makuponi mu 2005.

Mliri, mankhwala ndi mbadwo watsopano

Edzi idadziwika m'dziko muno mu 1985, ndipo maboma a kummwera, Chiradzulu ali pakati pawo, ndiwo adakanthidwa koposa. Kuyandikana ndi Blantyre, maulendo a amuna okafuna ntchito ndi kusakhazikika kwa maukwati zidathandiza kachiromboko kufalikira. Njala ndi nthomba zinkatenga ana ndi okalamba, koma mliri uwu udatenga anthu a msinkhu wolima ndi wobereka. M'zaka za m'ma 1990 maliro ankachitika motsatizana mpaka miyambo ya maliro idafupikitsidwa, ndipo nyumba zambiri zidatsala ndi agogo aakazi ndi ana amasiye. Apanso mbumba ndiyo idagwira mudzi, popeza ana a malemu adali kale pamalo a mayi awo, pakati pa azakhali a kuchikazi ndi agogo. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo m'boma la Chiradzulu, boma la Malawi lisadayambe kuwapereka kwaulere m'dziko lonse mu 2004. Chiradzulu idakhala malo ophunzirirapo kuti mankhwalawa angathe kuperekedwa m'zipatala zazing'ono za kumudzi ndi anamwino ndi othandiza madokotala. Anthu amene abale adali atawataya mtima adadzuka nkubwerera kumunda.

Kuyambira pamenepo manambala asintha mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti imfa za ana osakwana zaka zisanu zidatsika kufika 63 pa 1,000, ndipo chiwerengero cha ana amene mayi amabereka chidatsika kufika pa 4.4. Sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994, alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi, jakisoni wolera ndi lamulo loletsa ukwati wa ana osakwana zaka 18 zonse zathandizapo. Koma chifukwa chachikulu amachinena okha makolo, kuti ana ambiri ndiwapatsa munda uti. Ngakhale zili choncho, mudzi upitirira kukula kwa zaka zambiri, chifukwa kalembera wa 2018 adapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Atsikana amene adzabereke m'zaka makumi awiri zikubwerazi adabadwa kale, ndipo ndi ambiri kuposa amayi awo.

Kalembera yemweyo adapeza kuti Alomwe ndi pafupifupi 19 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, mtundu wachiwiri kwa Achewa. Zidzukulu za anthu amene ankaopsezedwa kuti abwerera kwa Apwitikizi ndiwo eni nthaka lero, ngakhale ambiri sayankhulanso Chilomwe. Ena mwa iwo amawolokanso malire kupita ku Milanje ndi madera ena a Mozambique kukagula chimanga, kukagwira ganyu kapena kukapempha malo olima. Ena amapalasa kabaza ku Limbe, ena ali ku Lilongwe, ena amakwera basi ya ku Joni nkumatumiza ndalama pa foni. Otsala amakwera ndi khasu m'mapiri momwe makolo awo sankalima, ndipo kuopsa kwake kudaoneka mu Malichi 2023, pamene mvula ya namondwe wa Freddy idagumula phiri nkukokolola mudzi wa Ntauchira m'boma lomweli la Chiradzulu.

M'mabuku a boma midzi ya ku Magomero imalembedwabe kuti ndi ya alimi, ndipo nzoona kuti pafupifupi khomo lililonse lili ndi khasu. Koma munda wasiya kukhala chimene chimadyetsa banja chaka chonse. Wasanduka pogona, poikidwa, ndi pothawira ntchito ya m'tauni ikatha. Kale mudzi ukadzala njira zidalipo: kuswa mphanje patsidya, kulowa pa esiteti, kudikira boma kuti ligule malo a mzungu. Njira zonsezi zidatha, ndipo palibenso esiteti ya Bruce yoti igawidwe. Nambala yofunika kuiyang'ana tsopano ndi ya anyamata ndi atsikana amene chaka chilichonse amafika msinkhu womanga banja. Ngati apeza sukulu yopitirira pulayimale, madzi othirira madimba chaka chonse, msika wodalirika wa nandolo ndi ntchito zosadalira khasu, mudzi ungathe kusunga anthu ambiri kuposa lero popanda njala. Ngati sapeza, adzagawana ekala imene yatsalayo, ndipo bwalo la mfumu lidzapitirira kudzala ndi milandu ya malire pakati pa ana a mayi mmodzi.